Mtedza Wambewu

Pa msika wa Namitambo, mayi wogulitsa timibulu ta mtedza ankadandaulira bambo wina wosenza phukusi la paulendo.

"Kalata yokha! Zaka zisanu mwana wanga Vitalis ali ku Halale, ngakhale kakalata koti amayi ndili moyo, ayi. Ndinamubereka ndine, kalatayo ndi ngongole. Mugula, kapena mungondiphimbira malonda?"

"Ndigula, mayi. Nanenso ulendowu ndi wa ku Halale, wapansi. Timeneti sitiola panjira?"

"Tiole bwanji? Mtedza wokazinga timasinja pamodzi ndi chimanga chokazinga, kadontho ka uchi, n'kuumba ndi manja basi. Mphika sukhudzako. Sabata ziwiri mudya, njala osaimva."

"Ndiye mwana wanuyo anapita ndi kamba wabwino."

"Kamba wake uti? Anandipempha kutatsala tsiku limodzi, amayi ndiumbireniko khumi tokha. Ine ndinati mtedza uli m'nyumbawu ndi wambewu, mbewu sadya, ukadya za azungu akowo. Ananyamuka thumba lili pululu, osacheuka."

"Koma mbewuyo inabereka?"

"Makoswe anaitha mvula isanagwe. Masulani phukusilo."

"Ayi mayi, ine ndili ndi kobiri limodzi. Mwaikamo timibulu khumi!"

"Sukulu sindinapite, koma khumi ndimalidziwa. Bwezani kobiri lanulo m'thumba."

"Ndiye ndikampatse Vitalis ndikakamuona?"

"Ku Halale ndi kumudzi kwanu kuti mukamuona? Idyani inuyo panjira. Ndinanama paja, bambo, wangongole ndine. Chokani apa, mukundiphimbira malonda."