Kamwala ka pa manda a bambo anga

Omvera anzanga, ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno kunja, mumzinda wa Perth. Bambo anga anamwalira nthawi ya Kovidi, malire ali otseka. Maliro awo ndinaonera pa foni m'chipinda changa ku Midland, dera lina la mzindawu. Msozi sunatuluke. Ndinangozimitsa foniyo n'kupita kuntchito.

Malire atatsegulidwa, kumudzi sindinapite. Ndinkaopa kukaona mtumbira uja ndi maso anga. M'malo mwake ndinavomera kuperekeza agogo ena achiyuda amene ndinkawasamalira, pa ulendo wa gulu lawo wopita ku Poland.

Tsiku lina tinaima m'nkhalango, pamalo opanda chiliza n'chimodzi chomwe. Aliyense anatola kamwala n'kuika pansi, poti ndiwo mwambo wawo pamanda. Agogowo anati makolo awo anaphedwera cha pomwepo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, koma dzenje limene anawakwiriramo sakulidziwa.

Kenako ananditembenukira. “Mwanawe, nanga bambo ako anagona kuti?”

“Ku Ntcheu, agogo, kuseri kwa munda wathu.”

“Malo ake ukuwadziwa, koma osapitako?”

Ndinalira koyamba, kulira kwenikweni kwa pamaliro, pakati pa anthu achilendo. Agogowo anandifumbatitsa kamwala. “Ukawaikire aka, ubwere udzandiuze.”

Ndinazengerezabe mpaka chaka chotsatira. Kamwalako ndinakaika ndithu, koma pobwerera ndinapeza agogo ataikidwa kale. Mpaka lero zimandiwawa.

Abale anga, ngati mukudziwa pamene wanu anagona, pitaniko. Ena afunafuna malo otere moyo wawo wonse osawapeza.