Anandikwirira dimba, tsopano akugulitsa mchenga wake

Odi a pa wailesi, ndine mayi wa ku Zobue, ndipo zimene ndikufuna muwerengezi zimandinyansa mpaka lero.

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, malemu amuna anga anatsegula dimba m'mphepete mwa kamtsinje, kunsi kwa phiri. Kabichi, matimati ndi nzimbe za m'menemo ndi zimene zinalera ana anga.

Migodi ya malasha itakokera anthu ku Moatize, makala anayamba kuyenda malonda. Alamu anga, ang'ono awo a malemuwo, anagwetsa mitengo yonse paphiripo n'kuotcha makala. Kenako analimapo chimanga, mizere yoloza kumtsinje. Nditawadandaulira, amvekere, "Alamu, za phiri zikukukhudzani pati? Samalani dimba lanu."

Mvula ya chaka chatha inakokolola dothi lonse la paphiripo. Ndinapeza dimba langa litakwiririka ndi mchenga wofika m'chiuno, nzimbe zikungooneka nsonga.

Sabata isanathe ndinamva kulira kwa kamiyau, chigalimoto chonyamula katundu, kudimbako. Ndinathamanga poganiza kuti abale abwera kudzandithandiza kufukula. Ndinapeza alamu aja ali ndi fosholo m'manja, akupakira mchengawo kuti akagulitse kwa omanga nyumba ku Moatize. Opanda n'manyazi omwe, anandiuza akuseka, "Alamu, muzithokoza, ndikukuyeretserani dimba ulere."

Ndinalavula pansi n'kubwerera.

Inu olima kumtunda, kumbukirani kuti kunsi kwanu kuli anthu. Ine lero matimati ndimachita kugula pamsika, pomwe munthu amene anapha dimba langa akugulitsanso manda ake.