Chitini cha Mapiritsi m'Chigafa cha a Kalekeni

"Kodi mankhwala amadziwa bwanji pamene pakupweteka?" Mwana wa Sitandade 7 anafunsa choncho ku Wimbe chaka china, ndipo aphunzitsi a Nthanda, munthu wosayankha chimene sanachiwerenge, anafufuza mpaka anakumana ndi nkhani ya mankhwala a malungo owononga maselo a khansa. Tsoka lake, nkhaniyo anaifotokozera a Kalekeni oyandikana nawo nyumba, amene anali ndi chotupa pakhosi ndi kalata yoti akapimidwe ku Lilongwe Lolemba.

Loweruka a Nthanda anawapeza m'chigafa akusankha fodya, chitini chili pambali.

"Muli chiyani m'chitinimo, achimwene?"

"LA, mankhwala a malungo aja. Ndatolera mudzi wonse. Paja anthu kuno akangopezako bwino, otsalawo amatsomeka kudenga. Ku Lilongwe sindipitanso."

"Aaa! Wakuuzani zimenezo ndani?"

"Inuyo! Amapha khansa kapena sapha?"

A Nthanda kunama sankatha.

"Amene anayesedwa ndi m'bale wake wa LA, wa jekeseni uja."

"M'bale ndi m'bale. Amapha?"

"Amapha, koma m'mbale. Asayansi amaika maselowo m'timbale tagalasi."

"Mbale zilipo. Akazi anga, mayi a Mervis, ali ndi zagalasi zaukwati, sanadyerepo."

"Nanga khosi lanulo mulichotsa muliike m'mbale?"

"Fotokozani kaphedwe kake, musazembe."

Aphunzitsi anatola chingwe chosokera fodya.

"M'selo lililonse muli ulusi wotchedwa DNA, pamene pasokedwa malangizo ake onse, ngati masamba pachingwe apa. Maselo a khansa ndi adyera, amadzikundikira ayironi. Mankhwalawo akakumana ndi ayironiyo amathetheka, n'kudula ulusiwo. Selo limalumikiza apa, kwaduka uko, mpaka limatopa n'kufa."

"Ehee! Ndiye mukundiletseranji?"

"Chifukwa chotupa chanucho sitikudziwa ngati ndi khansa! Komanso mapiritsi awa anatha mphamvu. Taonani m'chitinimu, ili ndi la chimfine. Ili... achimwene, ili ndi lakulera."

"Ikani pambali limenelo. Enawo ndimwa awiriawiri."

"Pitani kuchipatala!"

"Fodya asankhe ndani? Okushoni yatsegulidwa, anzanga akudinda mabelo, ine ndikagone pabenchi ku Lilongwe?"

"Ndikusankhirani ine."

Asanaloledwe n'komwe, a Nthanda anakhala pansi, nakoka mulu wa masamba. Anayamba kuyeza lililonse ndi chikhatho, aatali uku, aafupi uko.

"Mukutani?"

"Ndikusankha."

"Potengera kutalika? Nanga mtundu? Lofiira ilo mwaliphatikiza ndi lakuda!"

"Onsewa ndi abulauni."

"Mayo ine! Lachuku ilo likufuna chiyani pa giredi yoyamba? Belo lonse alibweza!"

"Musadandaule, sukulu tatsekera. Ndizibwera tsiku lililonse mpaka timalize chigafa chonse."

"Tsiku lililonse?"

"M'mawa ndi masana. Ndikanena chinthu, ndimachita."

Zimenezo a Kalekeni ankazidziwa bwino. Anayang'ana mulu wosokonezekawo, dzanja lawo n'kupita lokha pakhosi. Kenako anakankha chitini chija ndi phazi.

"Aphunzitsi, ulusi uja mukuudula ndinu. Ndikukonza apa, mwawononga uko. Ndifa ngati selo."

"Ndiye mupita?"

"Ndipita. Mayi a Mervis asankha okha, amadziwa. Koma mulonjeze kuti m'chigafa muno simupondamo."

"Ndalonjeza."

"Ayi, sindikukukhulupirirani. Lolemba tikwerere limodzi minibasi pa Boma. Mukakhale pafupi nane mpaka adokotala atamaliza."

"Mukuopa, achimwene?"

"Ndikuopa, inde. Ndikuopera fodya wanga."

A Nthanda anaika tsamba pansi bwinobwino, pa mulu wolakwika.

"Ndikuperekezani. Ndalonjeza."