Amene Anandimeta Mpala ku Woolwich

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ndine Nachisale wa ku Woolwich, uja ndinasowa kutchalitchi miyezi isanu. Amayi busa ataimba foni kuti, "Sisi, mwasowatu, kwagwanji?" ndinayankha kuti, "Ndili fine amayi, ndi ma shift basi." Linali bodza. Inali khansa ya m'mawere, ndipo lero ndiulula zonse, ndi zondichititsa manyazi zomwe.

Atandichotsa bere lakumanzere ndinapirira. Koma nditayamba kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, tsitsi linayamba kutsalira papilo ndi m'bafa. Nesi anandiuza mwachifundo kuti ambiri amangometeratu. Iye sankadziwa kulemera kwa zimene ankanenazo. Kwathu ku Dedza timameta pakagwa maliro. Ndinametedwa pa maliro a bambo anga, ndinametedwanso pa maliro a mwamuna wanga. Nanga kachitatu aka, maliro ake a ndani? Mtima unandiuza kuti ndi anga. Ndinachita mantha, ndipo ndinasiya kupita kuchipatala. Makalata ondiitana ankabwera, ine n'kumawapanikiza pansi pa Baibulo osatsegula.

Ndinkapemphera kuti Mulungu anditumizire munthu, koma munthuyo ndinali nditamusankhiratu: Mmalawi mnzanga, wa yunifomu ya amayi a mpingo, wodziwa kuyambitsa nyimbo.

Khomo loyang'anizana ndi langa kumakhala Ploy, wa ku Thailand, amene amagwira ntchito musaluni ku Plumstead. Anabadwa mwana wamwamuna, koma moyo wake ndi wa munthu wamkazi. Kwawo otere amawatcha kathoey. Zaka zitatu ankandipatsa moni, ine n'kumayankhira m'mphuno. Ena a inu mukukumbukira mmene ndinkamunenera tikamamwa tiyi. Pakamwa panga mumapadziwa.

Lachiwiri lina masana, ndikuchokera kogula mkaka, ndinagwera pamasitepe. Duku linagwa. Amene anandidzutsa n'kundilowetsa m'nyumba anali Ploy. Anaona mutu wanga wa zigambazigamba, anaonanso makalata aja atasuzumira pansi pa Baibulo. Mphamvu zonamira zinali zitatha. Ndinalira ngati mwana, n'kumuuza za kumeta kwa kwathu.

Iye anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha mmonke, munthu wodzipereka ku chipembedzo cha kwawo, wa mpala, wopanda nsidze, atafunda nsalu yachikasu.

"Ameneyu ndine," anatero.

Anandifotokozera kuti kwawo kholo likamwalira, mwana wamwamuna amameta n'kuvala nsalu ya amonke, ngakhale tsiku limodzi lokha, kuti malemuyo ayende bwino. Mayi ake anabereka iye yekha, ndipo atamwalira panalibenso wina woti amete. Abale ake omwe ankamuombera m'manja akamavina pamaukwati, omwe ankabwera kwa iye kudzaphodedwa, ndi omwewo anamuuza kuti pamaliro pakufunika mwana wamwamuna. Tsitsi lake linali lofika m'chiuno, analisunga zaka zisanu ndi zinayi. Anakhala pampando, amalume ake akumuitana dzina lakale, iye n'kumayang'ana tsitsilo likugwera pansi.

"Tsiku limenelo ndinkaona ngati tikutentha mitembo iwiri," anatero, poti kwawo mtembo amautentha. "Koma anapita ndi amayi okha. Mama, kwanuko amametedwa ndani? Wakufayo kapena otsala?"

Zaka zonsezi ndakhala pa maliro osawerengeka, koma sindinaganizepo zimenezi. Timameta ndife otsala, ife amene tiyenera kudzuka mawa n'kupitiriza.

M'mawa mwake anabwera ndi mashini ake. Anandiveka thaulo m'khosi n'kundimeta pang'onopang'ono, akung'ung'udza kanyimbo ka kwawo, misozi yanga ikugwera pamodzi ndi tsitsilo. Atamaliza tinatsegula makalata onse, ndipo anaimirira pambali panga mpaka ndinaimba foni kuchipatala. Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse la kemo tinkakwera basi limodzi. Ndikasanza ankandigwirira beseni, osakwinya nkhope.

Kuthawa kwanga kunali ndi mtengo wake. Madokotala anandichitanso opaleshoni kukhwapa, ndipo mkono uwu umatupa mpaka lero. Chimene chimandipweteka koposa si mkonowo ayi. Ndi zaka zitatu zija. Nditamupepesa anangoseka n'kunena kuti anazolowera. Mawu amenewo anandilasa kuposa akanandikalipira, chifukwa munthu sayenera kuzolowera zotere.

Mwezi watha dokotala wandiuza kuti sakuonanso chotupa. Ndikuthokoza Yehova amene anamva pemphero langa n'kukana kutsatira maganizo anga. Ploy si Mkhristu, ndipo mafunso amene ena muli nawo sindingawayankhe onse. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinapempha munthu, ndipo anabwera.

Inu amene mukudwala mobisa, musataye mtima. Tsegulani makalatawo, bwererani kuchipatala, uzani wina. Lamlungu likubwerali ndidzafika ndi katsitsi kanga ka imvi kamene kayamba kumera. Ndamuitana Ploy, ndipo wavomera mwamantha. Akadzakupatsani moni, chonde musadzamuyankhire m'mphuno ngati mmene ndinkachitira ine.