Utsi Wopanda Chiphaso

Mayi wa ku labu anafika pageti la fakitale akukankha wilibala yonyamula botolo lachitsulo, ntchito yake ya miyezi itatu. Galimoto yopita nalo kokapimitsa inali ikulira kunja, ndipo dalaivala anali ataneneratu kuti folo koloko ikangokwana, iye wapita.

"Imani kaye, mayi," anatero mlonda atatambasula mkono. "Muli chiyani umo?"

"Mpweya wa kaboni, bambo. Tautapa mu utsi wa pachumuni paja."

"Utsi wa kampani?"

"Eya."

"Ndiye ndi katundu wa kampani. Chiphaso."

Chiphaso chinali kwa abwana, masitepe makumi asanu kumwamba, ndipo chikanganirane chawo mayiyo anali atalumbira kuti sadzawapemphanso kanthu, ngakhale cholembera.

"Bambo inu, utsi umenewu wakhala ukutuluka zaka makumi awiri wopanda chiphaso!"

"Umadzera kumwamba. Ine anandiika pageti."

"Ndi umene ukutenthetsa dziko lonse! Taonani thukuta lili m'khosi mwanumo."

Mlonda anapukuta khosi ndi chipewa, nagogoda botololo ngati pakhomo pa eni. "Mwaugwira bwanji? Ndi manja?"

"Ayi. Kuli tizilombo, mabakiteriya. Timatulutsa timadzi totchedwa enzayimu. Timadzito ndi timene timakola mpweyawu usanathawe."

Mlonda anatsegula buku la alendo, nanyowetsa chala ndi malovu. "Tizilomboto tinalowa liti?"

"Mu Janyuwale."

"Tingati?"

"Mamiliyoni!"

"Aaa! Pageti panga pano? Osasayina? Mayi, mukufuna andichotse ntchito?"

"Tisayine bwanji, tilibe manja!"

"Osadziwa kulemba amadinda chala."

"Chala chake chiti, bambo inu?"

"Zimenezo mukafunsane nokhanokha. Tizilomboto titsike, tifole apa."

Kunja dalaivala anaimba hutala, piii! Mayiyo anavula magalasi, nagwira chotsekera cha botolo.

"Chabwino. Nditsegule apa, mpweya wonse uthawire kumwamba. Mutani?"

"Ndiuperekeza ndi maso."

"Basi?"

"Basi. Koma botololo litsala."

Piii! Piiiii!

Mayiyo anayang'ana masitepe, anayang'ana wotchi, kenako anaphulika. "Tamverani! Uyu si katundu! Palibe amamufuna! Wakuba mutamupatsa ulele angakubwezereni! Ndi zinyalala izi, zinyalala zenizeni!"

Nkhope ya mlonda inawala. Anatseka buku kuti phaa!

"Zinyalala? Iii, mayi, osanena kale bwanji? Tavutana chabe. Zinyalala sizifuna chiphaso."

"Mulungu akudalitseni!" anatero mayiyo, n'kugwira mipini ya wilibala, mtima uli m'malo.

Mlonda anawerama mwaulemu, nagwira wilibalayo kutsogolo, naitembenuza pang'onopang'ono mpaka inaloza kumene inachokera.

"Zinyalala zimatuluka Lachinayi, geti lakumbuyo. Mwangochedwa ndi tsiku limodzi lokha."