Lilime la Pak Wagiman

Fakitale ya zovala ya mumzinda wa Solo inkafuna wophikira antchito chakudya chamasana, ndipo amayi atatu anabweretsa soto, msuzi wa nkhuku uja, kuti ulawidwe. Wolawa anali Pak Wagiman, kapena titi Bambo Wagiman, wapampando wa komiti yogula zinthu, amene akazi awo anali m'gulu la atatuwo ndipo anali atawauziratu kuti ntchitoyo ikapita kwina, bambowo agona pakhonde pamodzi ndi njinga yamoto.

"Chilungamo, Rukmini," anatero, akudzisisita pamimba. "Pasapezeke wonena kuti ndakondera."

"Mayina ndamata pansi pa mbale, Pak," anayankha Rukmini, mlembi wa komitiyo, mtsikana wosadziwa kuti mawu ena amanenedwera ulemu chabe.

"Ehee. Komabe ndikafika pa mbale inayake, munthu utha kukhosomolako."

"Ndilibe chifuwa, Pak."

"Aaa, sindikunena chifuwa. Kungokhosomola pang'ono."

"Pachakudya cha anthu?"

Asanayankhe, Rukmini anawamanga nsalu kumaso.

"Nanga ichi n'chiyaninso?"

"Mbale zakunyumba kwanu mumazidziwa. Mwati chilungamo."

Apa mantha anawagwira ndithu, poti udzudzu wapakhonde lija suseka ndi munthu. Koma anadzilimbitsa mtima: lilime lodya soto wa akazi awo chikwatirire silikanawataya. Analawa mbale yoyamba, n'kukwinya nkhope.

"Awa ndi madzi otsukira mbale. Nkhuku inangodutsamo ikupita kwina."

"Ndilembe choncho?"

"Lemba. Usasiye liwu ndi limodzi lomwe."

Itafika yachiwiri, anamwetulira mpaka nsalu inakwera. Adyo wake yemweyo, tsabola wake yemweyo. Khonde linali litawaphonya.

"Basi, wapambana ndi ameneyu. Yachitatuyo kapatse mphaka."

"Mphaka sali mu komiti, Pak."

"Iwe, ndati tatha."

"Mwati chilungamo."

Anaviika sipuni m'mbale yachitatu mongochotsa mlandu, n'kusaina pepala nsalu ili kumaso, dzina likutsetsereka cham'mbali.

"Tsopano tembenuza mbale yopambanayo. Ndipo uuze onse kuti ine sindinaone kanthu."

Rukmini anasuzumira pansi pa mbale.

"Wapambana ndi Bu Painem, mayi wogulitsa soto pamphambano paja."

"Wasokoneza mayina iwe."

"Sindinasokoneze, Pak."

"Ukufuna kundiphunzitsa dzanja la mkazi wanga? Soto ameneyu ndakhala ndikudya usiku uliwonse, kuyambira iwe usanamere ndi mano omwe."

"Zoona, Pak, lilime lanu silinaname. Ndimawapeza akazi anu pamzere kwa Bu Painem madzulo alionse, atabisa poto m'chikwama."

Pak Wagiman anamasula nsalu pang'onopang'ono.

"Nanga wawo ndi uti?"

"Woyamba uja. Ndiye poti aliyense wogwa timamuuza chifukwa chake, za madzi otsukira mbalezi ndikawawerengere ndine, kapena mukawauza nokha?"