Nthenga Itagwa pa Bwalo la Mpira

M'tauni ina ya ku South Dakota, ku America, anthu anali pamzere wokavota ngati timu ya sukulu isiye dzina loti Ankhondo Achiindiya. Bambo wina wovala jekete la timuyo anacheukira mayi amene anali kumbuyo kwake, wa mtundu wa Alakota, eni nthaka a m'deralo amene azungu anawatcha Aindiya.

"Mayi, musationere kukondwa. Ine ndinasewera m'timuyi zaka zinayi. Dzinali n'lokulemekezani."

"Kutilemekeza, eti? Bambo anga anabwerapo kamodzi kudzaonera mpira wanuwo. Munthu wanu wovala chisoti cha nthenga uja ali mkati movina, nthenga imodzi inagwa."

"Ndiye?"

"Kwathu nthenga ya chiwombankhanga ikagwa pansi, ng'oma zimaleka mpaka msilikali wakale adzaitole. Bambo anali msilikali. Anaimirira, n'kuvula chipewa, kudikira kuti mpira uime."

"Komatu zija n'za nkhukundembo, zopaka utoto, zogula m'sitolo."

"Anadziwa mochedwa, wosesa ataikokolola pamodzi ndi mapepala a maswiti. Nthawi yonseyo akumbuyo ankangokuwa kuti, 'Khala pansi mdala iwe!' Sanadzapitenso ku mpira mpaka kumwalira."

"Chinali chaka chanji chimenecho, mayi?"

"Sunthani bambo, mzere wayenda."